Mabatire a pa Denga

Tadala, taika kaye pansi kafoni kakoko. Wandifunsa kuti nyimbo imachokera kuti, ndiye ukufuna ndiyankhe chala chako chili kalikiliki kukanda galasi? Nawenso Yamikani, sendera kuno. Agogo anu aakazi ali kuseriko akusankha nyemba, koma khutu lawo lili pano. Ndikanama mumva akutsokomola, ndi mmene takhalira zaka zonsezi.

Inu ana mumandidziwa ngati nkhalamba yolongolola. Simudziwa kuti ndili mnyamata ndinali wachibwibwi, ndipo chibwibwi chake sichinali chamasewera. Kuti nditchule dzina langa lokhali, Dayitoni, munthu ankatha kupita kukagula mandasi n'kubwerako ine ndikadali pa "Da". Kusukulu aphunzitsi akamafunsa mafunso ankangondidumpha kuti belu lingalire. Koma chodabwitsa n'chakuti ndikayamba kuimba, lilime linkamasuka, mawu n'kumayenda okha. Mayi anga ankati Mulungu anandipatsa khomo limodzi lokha lotulutsira mawu, ndiye ndisamalitseke.

Tinkakhala ku Ndirande, kumtunda kwa msika, m'nyumba ya zidina yomwe bambo anamanga atachoka kwathu ku Mulanje kudzafuna ntchito. Gitala yanga yoyamba ndinapanga ndekha ndi chigubu cha mafuta ophikira, thabwa la bedi lothyoka ndi mawaya a mabuleki a njinga. Waseka, Tadala? Iwe yako ija yonyezimira imakhala m'chikwama ngati khanda, koma yanga inkagona panja ndi agalu ndipo sinadwalepo.

Zinali zaka zija matipate atangobwera. Kale ukafuna kuimba, ngakhale nyimbo ya nkhuku, unkayamba wayang'ana kumbuyo kuti akumva ndani. Tsopano pakamwa panatseguka paliponse. Nyuzipepala zinachuluka ngati bowa, ma minibasi anadzaza misewu, ndipo iliyonse inali ndi kaseti yake ikulira mpaka mawindo kunjenjemera. Mnyamata aliyense wa ku Ndirande, Bangwe kapena Zingwangwa ankadziona ngati woimba. Ine ndinali mmodzi wa iwo, kusiyana kwake ine ndinalibe njira ina yolankhulira.

Wafunsa kochokera nyimbo. Ine sindinkakhala pansi n'kumaiitana ngati nkhuku. Kugunda kwake ndinkakutola kwa amisiri okhoma ndowa ndi mbaula kumsika kuja. Wina akamenya lata, wina n'kuyankha, wachitatu n'kulowerera pakati, basi nyimbo yayamba kale, ine kwanga kunali kungoinyamula. Mawu ndinkawatola pampope, pomwe amayi ankakanganirana mzere. Kumeneko kunkatuluka Chinyanja chenicheni, chosakanikirana ndi Chilomwe ndi Chiyao, chopanda kuchita manyazi. Ndikapeka nyimbo ndinkadutsa dala pampopepo ndikuiimba chapansipansi. Mawa lake ndikamva mayi wina akuing'ung'udza uku akuchapa, ndinkadziwa kuti yapsa. Ikapanda kumveka ndinkaitaya, osaililira. Ndipo ndinali ndi lamulo langa limodzi: m'nyimbo musamalowe dzina la munthu. Ukaikamo dzina, nyimbo imakhala ya munthu mmodzi, ena onse amangoimirira panja.

Koma nyimbo sizinkagula ufa. Masana ndinkagwira ntchito yolongedza makatoni pa fakitale ina ku Makata. M'mawa uliwonse tinkatsetsereka wapansi, khamu la anthu, wina chigumu m'thumba, wina chinangwa chootcha, fumbi lili koboo. Mu ofesi ya fakitaleyo munali mtsikana wotayipa makalata, dzina lake Towera, mwana wa a Gondwe a ku Rumphi omwe ankagwira ntchito m'boma ndipo ankakhala ku Soche. Makina ake otayipira aja ankalira ngati mvula padenga la malata, akafika kumapeto kwa mzere n'kuliza kabelu. Inu simunawaonepo, mumangosisita galasi.

Anthu onse ndikayamba kupereka moni ankandimalizira. Ine ndikati "Mwa-mwa-mwa," iwo, "Tadzuka, tadzuka," n'kumapita. Sankachita mwankhanza ayi, ankaganiza kuti akundithandiza. Towera yekha ankaima. Ankagwira mafayilo ake pachifuwa, n'kumandiyang'ana modekha mpaka nditafika pa "bwanji", kenako n'kuyankha ngati palibe chachitika. Ana inu, munthu amene sanachitepo chibwibwi sangamvetse. Ine ndinam'konda mtsikana ameneyo mpaka kuwonda.

Ndiye tsiku lina ndinamva kwa mlonda wa pageti kuti a Gondwe apuma pantchito, nyumba ya ku Soche akuibweza, ndipo mwezi ukatha lole ibwera kudzanyamula banja lonse kupita kumpoto. Towera naye anali atauza kale abwana kuti akusiya ntchito. Mtima wanga unangoti phwa! Rumphi nthawi imeneyo kunali kutali, basi yake inkanyamuka lero n'kukafika mawa, anthu atatupa miyendo. Ndinadziwa kuti akakwera lole imeneyo sindidzamuonanso. Koma ndimuuze bwanji? Moni wokha unkandithera mphamvu, nanga mawu ofunsira mbeta? Mwezi ukanatha ndili pakati.

Ndinapeka nyimbo. Inabwera yonse tsiku limodzi ndikuwoloka mtsinje wa Nasolo pochokera kuntchito. Inali yodekha, yoyenda pang'onopang'ono ngati munthu wosenza mtolo. Inkati:

Ndikafika pamaso pako mawu amandithawa,
amatsalira pa Nasolo, ati akusamba.
Iwe wodziwa kudikira, dikiranso pang'ono,
usamange katundu ndisanamalize.
Ndikagogoda, kodi udzatsegula?

Dzina sindinaikemo, monga mwa lamulo langa lija.

Ndinali ndi mnzanga Fanuwelo, yemwe anali ndi benchi kumsika yokonzera mawailesi ndi kutepa makaseti. Munthu wabwino, koma maso ake ankaona malonda ngakhale pamaliro. Tinagwirizana zojambula nyimboyo kunyumba kwake Lamulungu masana, chifukwa kumsika kunali phokoso. Kunyumbako kunalibe magetsi, ndiye wailesi yake ya kaseti inkayendera mabatire, akuluakulu aja. Inu mumangolumikiza foni kukhoma. Ife batire likatha sitinkataya. Tinkaliyanika padenga padzuwa kuti litoleko mphamvu, likakana tinkaligogoda ndi mwala, ena mpaka kuliluma. Mabatire a Fanuwelo anali atayanikidwa kambirimbiri mpaka mapepala ake anayera.

Tinatseka windo ndi bulangete, tinathamangitsa nkhuku, tinapempha mayi woyandikana nawo kuti asiye kaye kusinja. Fanuwelo anakwera padenga n'kutsitsa mabatire akutentha ngati mbatata. Anadina mabatani awiri aja nthawi imodzi, ine n'kuimba ndi mtima wanga wonse. Titabweza tepi ndi bolopeni kuti tisawononge mabatire, tinamvetsera pa wailesi yomweyo. Anali mawu anga enieni, aamuna, odekha. Fanuwelo anati aisunge kasetiyo mpaka m'mawa kuti akalembepo bwino pachikuto. Ine wopusa ndinavomera.

Lolemba ndinam'dikira Towera pageti. Ndinangomuika kaseti m'manja, n'kuloza pachifuwa panga, n'kuthawira ku makatoni. Tsiku lonse ndinalongedza mozondotsa.

Lachiwiri m'mawa anabwera yekha kumene ndinkagwirira ntchito. Ndinayamba, "Mwa-mwa..."

"Ndadzuka," anatero, osadikira. Anaika kaseti pamwamba pa katoni. "Akazi anuwo ali ndi mawu abwino, a Dayitoni. Mukawauze kuti ndamva. Koma sikunali kofunika kundionetsa."

Anatembenuka n'kumapita, nsapato zili kho kho kho. Kunena zoona, zoti akazi anga sindinazimvetse n'komwe. Chimene chinandilasa n'chakuti anandimalizira moni ngati anthu ena onse. Ndinakhala pa katoni n'kulira, bambo wamkulu ndevu zili pepeya.

Mwamva kutsokomolako? Chabwino, ndevu ndinalibe. Koma kulira ndinalira.

Sabata yonseyo ankandilambalala. Loweruka ndinakwera minibasi kupita ku Limbe kukagula nsapato za pakaunjika, mwina n'kuiwalako. Tili m'njira dalaivala anasintha kaseti. Kunayamba kagitala kothamanga, kosangalala, kenako kamawu ka mtsikana, kosalala, kokwera m'mwamba: "Ndikafika pamaso pako mawu amandithawa..." Tsitsi linandiyenda. Mawu anga, Nasolo wanga, koma akuimba ndi mkazi, ndipo akuthamanga ngati akuthawa mvula. M'minibasi monse mitu inkagwedezeka. Mayi wina wonyamula dengu la tomato ankavina ndi mapewa.

Bambo wina anafunsa kondakitala kuti woimbayo ndani.

"Simukum'dziwa, bwana? Ameneyu ndi Mtsikana wa ku Ndirande. Watulukira sabata yomwe ino. Ine ndimam'dziwa bwinobwino, chinali chibwenzi changa, ndinachita kumusiya ndekha."

Ndinafuna kukuwa kuti nyimboyo ndi yanga, koma pomwe ndimamaliza "nyi-nyi-nyi" tinali titafika pa siteji. Nsapato sindinagule. Ndinabwerera ku Ndirande mtima uli m'mwamba, kukafunsa Fanuwelo kuti nyimbo yanga anaipereka kwa mkazi uti.

Ndinam'peza pabenchi pake, makaseti ali mulu, onse olembedwa ndi dzanja lake kuti Mtsikana wa ku Ndirande. Atandiona nkhope anayamba kuseka mpaka kugwira m'mimba.

"Aise, khala pansi. Palibe wakubera. Tamvera."

Anaika kaseti m'wailesi ya pamsika, yoyendera magetsi. Kamtsikana kaja kanayamba. Kenako anatsegula kachitseko n'kukanikiza ndi chala pomwe tepi imazungulira. Nyimbo inayamba kufooka, mawu n'kumatsika, kumatsika, mpaka ndinadzimva ndekha ndikutuluka m'kamwa mwa mtsikanayo. Atachotsa chala, mtsikana anabwerera.

"Mabatire aja anali otheratu, amwene," anatero akupukuta misozi. "Pojambula tepi imayenda mwaulesi. Ukaiika pa magetsi imathamanga, mawu n'kukwera. Mtsikana wa ku Ndirande ndiwe."

Ndinam'funsa, mwa nthawi yaitali monga mukudziwa, kuti anadziwa liti.

"Lolemba lomwe lija m'mamawa, nditabwera kudzatepako yanga."

Ndiye bwanji sanandiuze?

"Aise, ikuyenda! Madalaivala akulimbirana. Iwe ungokhala chete. Mabatire aja ndawasunga, tijambule zina zambiri. Anthu akufuna mtsikanayu, wina wabwera kale kudzafunsa ngati ali pabanja."

Ndisakunamizeni ana inu, ndinaganizako. Kuyambira ubwana ndinkalota nyimbo yanga ikulira m'minibasi, ndipo apa inkalira kuyambira ku Chilomoni mpaka ku Machinjiri. Koma nyimbo imeneyo ndinapekera munthu mmodzi, ndipo munthuyo anamva kuti pali mkazi wina amene akundiimbira zachikondi, ine n'kukam'nyaditsa nazo. Ndinatuma kaseti m'malo monena ndekha, ndipo paja akuluakulu amati kandimverere anakanena za m'maluwa. Lole inali kubwera Lachisanu.

Lamulungu titaweruka kutchalitchi ndinavala malaya oyera a bambo, ndinanyamula wailesi ya Fanuwelo paphewa, mabatire otha aja m'thumba, ulendo wa ku Soche. Fanuwelo ananditsatira mpaka pa siteji akudandaula kuti ndikupha bizinesi.

Nyumba za ku Soche zija zinali zofanana ngati mapasa, koma ya a Gondwe sinavute kupeza chifukwa pakhonde panali makatoni ndi matilesi omangamanga. Eni ake anali pampando, atavala tayi ngakhale linali tsiku lopuma, akumanga mabuku ndi chingwe. Anali bambo wamtali, wamagalasi, mkulu wa mpingo, wa anthu aja amene akakuyang'ana umakumbukira machimo ako onse.

Ndinagwada patali. "O-o-o..."

"Lowa, mnyamata. Wadzagula mipando? Yatha kale."

Ndinapukusa mutu. Ndinayesa kunena dzina langa, linakana. Ndinayesa la Towera, linakaniratu. Thukuta linali kamukamu. Ndinangoika wailesi pansi n'kuyamba kulowetsa mabatire. A Gondwe anayang'ana mabatire otuwawo, ena ali ndi mano a Fanuwelo.

"Magetsi sanadule m'nyumba muno. Bwera nayo ulumikize."

Ndinapukusa mutu mwamphamvu mpaka khosi kuwawa. Magetsi ndi amene anandipalamulira. Apo n'kuti Towera atatulukira pakhomo, ndi mayi ake kumbuyo. Atandiona anapinda manja.

"Adada, awa ndi a kuntchito kwathu. Abwera kudzatimvetsa nyimbo ya akazi awo."

Ndinadina batani. Gitala yanga ya chigubu inayamba, modekha, mmene ndinaiimbira. Kenako mawu anga. Ndinaona manja a Towera akumasuka pang'onopang'ono. Anayang'ana wailesi, n'kuyang'ana ine, n'kuyang'ananso wailesi. Mayi ake anagwira pakamwa. Pofika pa "iwe wodziwa kudikira" Towera anali atatsamira chitseko, maso ali pansi.

Koma tsiku limenelo kunali mitambo, ndipo mabatire sanaone dzuwa. Pa "usamange katundu" mawu anga anayamba kulemera. Anatsika kupitirira mwamuna, n'kusanduka ng'ombe yodwala. "Ndisaaana... maaa... liii..." Wailesi inati gwii, n'kukhala chete. Mzere womaliza, funso lenilenilo limene ndinabwerera, unatsalira m'katimo.

Ndinagogoda wailesi. Ndinatulutsa batire limodzi n'kuliluma pamaso pa mkulu wa mpingo. Palibe chinachitika. A Gondwe anatola chingwe chawo.

"Chabwino, mnyamata, tamva. Tili ndi ntchito yambiri, ndiye ngati..."

"Adada," anatero Towera, "tadikirani. Amamaliza."

Ana inu, mawu awiri amenewo ndidzapita nawo kumanda. Bambo aja anaika chingwe pansi. Onse atatu anandiyang'ana, ndipo palibe anandithandiza. Ndinaimirira. Gitala ndinalibe, wailesi inali itafa, kunatsala khomo limodzi lija ankanena mayi anga. Ndinakoka mpweya n'kuimba, ndipo lamulo langa ndinaliphwanya pomwepo:

"Towera, ndikagogoda, kodi udzatsegula?"

Sindinaphonye ngakhale chilembo chimodzi. Agalu a nyumba yoyandikana anayamba kuuwa. Towera anayang'ana chitseko chomwe anatsamiracho.

"Chitseko n'chotsegula kale, a Dayitoni. Inu ndi amene mwaima panja."

Mayi ake anam'menya ndi nsalu paphewa n'kum'kokera m'nyumba, koma ndinawamva akuseka m'katimo. A Gondwe anavula magalasi, anawapukuta nthawi yaitali, kenako anati, "Nkhani ngati izi sitikambirana ndi wailesi. Ukawauze akuluakulu ako abwere lisanafike Lachisanu. Ndipo pakati pawo pakhale mmodzi wolankhula msanga, chifukwa lole sidikira."

Amalume anga anapita Lachitatu. Lole inanyamuka Lachisanu monga mwa pangano, koma Towera anatsala kwa azakhali ake ku Chilomoni, ntchito n'kupitiriza, nkhani zikuyenda pakati pa Rumphi ndi Ndirande. Zinatenga nthawi, chifukwa anthu akumpoto sapereka mwana ngati akugawa ndiwo. Ukwati unachitika dzinja lotsatira litatha.

Za moyo wanga woimba, Tadala, usayembekeze zambiri. Ndinajambulanso nyimbo ija ndi mabatire atsopano, ndi mawu anga enieni, dzina langa pachikuto. Anthu anakana kugula. Ankati, "Uyu ndiye ndani akuononga nyimbo ya mtsikana uja? Anthu ena kuba alibe nako manyazi." Ndinaimba m'maukwati ndi m'zinkhoswe zaka zambiri, Loweruka ndi Loweruka, ndipo paliponse wina ankabwera kudzandinong'oneza kuti ndiyeseko ija ya Mtsikana wa ku Ndirande, ngakhale sindingaifike. Pa ukwati wanga womwe anaika yothamangayo, ndipo a Gondwe anavina tayi ili m'mwamba. Poyamba zinkandiwawa. Kenako ndinazindikira kuti nyimbo ikatuluka pakhomo ili ngati mwana wokwatiwa, kumene yapitako akaipatsa dzina lina ndipo iwe ulibe chonena. Mpaka lero madala ena a ku Ndirande amakangana za mtsikana ameneyo. Ena amati anapita ku Joni, ena amati analowa usisitere. Agogo anu akamva amangoti, "Ndinam'thamangitsa ndine."

Chibwibwi chinayamba kuchepa ndili pabanja. Sindinamwe mankhwala alionse. Kungoti ukakhala ndi munthu amene sakufulumizitsa, lilime limasiya mantha. Ndiye iwe ukafuna kudziwa kochokera nyimbo, usakafunse foni. Zanga zinkachokera pomwe mawu anakanirira. Pezapo pako pomwe umafuna kunena chinthu koma pakhosi pamatseka, uyambire pamenepo. Ndipo ukajambula, ukamvetsere pa makina a munthu wina usanapereke.

Masiku ano ndikatopa kapena ndikakwiya chimabwererabe, mwandimvapo. Inu mumathamangira kundimalizira, makamaka iwe Yamikani, ndipo sindikudandaula, ndinu ana a nthawi yothamanga. Koma ndikuuzeni ichi. Kuchotsapo m'mawa umodzi uja wa kaseti, mayi ali kuseriwo sanandimalizirepo mawu ngakhale tsiku limodzi, kuyambira ku Makata mpaka pano imvi zili mbuu.

Tatcherani khutu. Mwamva wina akutsokomola?